Kuodira pa khomo la mnansi: zimene zidachitika ku Mua

Ife amene tidakulira m'mapiri a Dedza, kumene chisanu cha mu June chimalowa mpaka m'mafupa, timakonda kunena kuti chikhulupiriro chathu tidachilandira ku Bembeke. Ndi zoona, koma chisanakwere kuno chidayamba chagona kumunsi. Tikatsika msewu wa Khwekhwerere n'kudutsa pa Golomoti, timafika ku Mua, kumene ansembe a chipani cha White Fathers adakhazika misiyoni m'chaka cha 1902. Bembeke idatsegulidwa mu 1910. Mbiri ya zaka zimenezo ili ndi kanthu kotiuza ife amene lero tikulalika Mthenga Wabwino ndi foni ya m'manja.

Ansembe aja sadapeze dziko lopanda eni. Ku Mlanda ndi ku Nkhoma kudali kale amisiyoni a Dutch Reformed, amene makolo athu ankangowatchula kuti Adatchi, pamene ifeyo tinkatchedwa Aroma. Mipingo iwiriyi inkalimbirana midzi: amene wayamba kumanga sukulu ya udzu pamudzi, mudziwo ngwake. Aphunzitsi ankathamangitsana kwa mafumu kukapempha malo, ndipo mawu amene mbali iliyonse inkanenera inzake sadali a ulemu ayi.

Mkangano wowawa koposa udali wa ansembe ndi Nyau. Kwa Achewa, Gule Wamkulu ndiye ankalera anyamata ku dambwe, kuperekeza akufa ndi kulumikiza mudzi ndi mizimu ya makolo. Ansembe ankaonamo chikunja chokhachokha. Mwana akalowa sukulu ya misiyoni, akuluakulu a dambwe ankaona kuti walandidwa; akalowa ku dambwe, ansembe ankaona kuti watayika. Pamaliro pankabuka phokoso, ena akufuna mapemphero, ena akufuna ng'oma. M'zaka za m'ma 1920 ansembe adafika podandaula ku boma la atsamunda kuti liletse Nyau, koma gule sadathe. Adayankha mwa njira yake: pabwalo padatuluka Simoni wa nkhope yofiira ngati mzungu wopsa ndi dzuwa, padatulukanso Maliya. Mayina amene ankamveka pa katekisimu adayamba kuvina pafumbi. Munthu amene sadamvedwe sasowa poyankhira.

Tisafulumire kuweruza amisiyoniwo. Ndi omwewo adamanga masukulu ndi chipatala, nasamala akhate ku Mua pa nthawi imene ena ankawathawa. Ambiri adasiya mafupa awo m'nthaka yathu. Ndipo m'dera lomwelo la Mua mudatuluka Cornelius Chitsulo, Mmalawi woyamba kudzozedwa unsembe wa Chikatolika mu 1937, amene mu 1957 adakhalanso Mmalawi woyamba kudzozedwa uepiskopi, natsogolera Eklezia wa Dedza. Chikondi adali nacho. Chimene chinkaperewera kawirikawiri ndicho kuodira, kukhala pamphasa ndi kufunsa mwini khomo kuti zinthu zakezo zimatanthauzanji.

Msonkhano waukulu wachiwiri wa ku Vatican, wa 1962 mpaka 1965, udaphunzitsa Akatolika kuona akhristu a mipingo ina ngati abale mu ubatizo, ndiponso kusakana chilichonse choona ndi choyera chopezeka m'zipembedzo zina. Kwathu kuno chiphunzitsocho chidaoneka ndi maso mwa Bambo Claude Boucher, wansembe wa ku Canada amene adafika m'Malawi mu 1967, nayambitsa Kungoni Centre ku Mua mu 1976. Iwo adachita chimene owatsogolera ambiri sadachite. Adaphunzira chinenero mpaka pa mikuluwiko, adakhala pansi ndi mafumu, anamkungwi ndi akuluakulu a dambwe kwa zaka makumi angapo, akumvetsera ndi kulemba, mpaka adapatsidwa mfunda nayamba kutchedwa Achisale. Nyumba yosungira za makolo ya Chamare ili ndi zigoba za gule mazanamazana, pamodzi ndi za chikhalidwe cha Angoni ndi Ayao, pamalo pomwe paja pankamenyedwa nkhondo ya sukulu ndi dambwe.

Chimene sitiyenera kuchiphonya n'chakuti Achisale sadasiye guwa. Adapitiriza kupereka Nsembe ya Ukaristia, ndipo amisiri osema a ku Kungoni adadzaza matchalitchi ndi mitanda ndi zifaniziro za Amayi Maria za nkhope ya kuno kwathu. Si akhristu onse amene adakondwera ndi ntchitoyi, ndipo mafunso ena ovuta okhudza mkhristu ndi dambwe akadalipo mpaka lero. Koma Eklezia sadachepe chifukwa wansembe wake adamvetsera. Kumbali ya Adatchi nakonso madzi adaphwa. Iwo adali ndi Buku Lopatulika la 1922, ife Malembo Oyera a 1966. Pofika 1998 akatswiri a mbali zonse adali atatulutsa Buku Loyera, atakhala pa tebulo limodzi kukambirana liwu ndi liwu.

Tsono lero midzi yolimbirana ili pa Facebook ndi WhatsApp. Kuyambira pa mliri wa Covid-19 mu 2020, ambiri tidazolowera kutsata mapemphero pa wailesi ndi pa intaneti, ndipo mlaliki wa ku Lagos kapena Johannesburg amalowa m'nyumba mwathu mosavuta kuposa katekisiti wa pamudzi. Kumvera sikulakwa; mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Komabe tikuona anzathu amene chopereka chawo chimapita pa foni kwa munthu amene sadzawadziwa dzina, pamene denga la tchalitchi chaching'ono kwawo likudontha. Agogo akadwala, foni siibweretsa mafuta a odwala. Maliro akagwa, odzakumba manda ndi kuchezera usiku wonse akuimba ndi a mumphakati.

Yesero lina ndi lathu ife amene timadzitcha okhulupirika. Wina akanyoza kolona, timabwezera mawu amene sitingayerekeze kuwanena pamaso pa amayi ake. Timajambula gule pamaliro a eni ake n'kumwaza chithunzicho ndi mawu akuti ziwanda, osafunsa ngakhale dzina la chilombocho. Timaiwala kuti Msilamu amene tikumuseka pa intaneti ndi yemwe tidzagule naye nsomba pa Mtakataka, ndipo wa CCAP uja ndi atsibweni athu enieni. Umenewu ndi mzimu wa m'ma 1920, wangosintha chovala.

Kuchokera pa boma la Dedza kupita ku Mua ndi ulendo wa maola ochepa. Magulu a achinyamata amene amasonkha ndalama za mayunifolomu a kwaya angathenso kusonkha ya minibasi, kukachita Misa m'tchalitchi cha misiyoni m'mawa, masana n'kulowa mu Chamare, kumene Simoni wa nkhope yofiira uja akusungidwa pafupi ndi manda a ansembe amene ankafuna kumuletsa.