Chikhakha pa Mkono wa Mwana

Chikhakha ndi bandeji yoviikidwa mu ufa wa plaster of Paris, yomwe ikauma imalimba ngati mwala n'kugwira fupa lothyoka kuti lilumikizane. Njirayi anaiyambitsa ndi Antonius Mathijsen, dokotala wa asilikali a ku Netherlands, mu 1851.

Pakati pa chigongono ndi dzanja pali mafupa awiri, radius ndi ulna. Ana amawathyola akagwa atatsogoza dzanja, ndipo kumidzi mtengo wa mango ndi njinga ndizo zimagwetsa ambiri. Fupa la mwana n'lanthete: kawirikawiri limapindika n'kung'aluka mbali imodzi ngati nthambi yaiwisi. Limapola msanga, ndipo kupindika pang'ono kumawongoka kokha mwana akamakula. N'chifukwa chake opaleshoni siifunika kwenikweni.

Kuchipatala chachikulu, monga Chipata Central Hospital, amajambula X-ray, kuwongola fupa mwana atapatsidwa mankhwala opha ululu, kenako n'kumanga chikhakha, nthawi zambiri mpaka pamwamba pa chigongono. Chimakhala milungu 4 mpaka 6, ndipo chisanyowe.

Masiku oyambirira ndiwo oopsa, poti mkono umatupa. Uzikhala m'mwamba. Zala zikazizira, kuchita dzanzi kapena kuda, kapena ululu ukamakulirakulira, mwana abwerere kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale usiku. Kumanga mkono mothina ndi nsungwi kunyumba kumatseka magazi, ndipo mwana angathe kulumala dzanja moyo wake wonse chifukwa cha fupa lomwe likanapola bwinobwino.