Anthu a Nkhafi pa Luangwa ndi Zambezi

Ana ambiri a m'masukulu a ku Chipata sanaonepo bwato, pakuti dziko lao ndi la mapiri ndi timitsinje timene munthu aoloka ndi miyendo m'chilimwe. Chifukwa chake pophunzitsa mbiri ya makolo, mphunzitsi achulukitsa mau a mafumu, mikondo ndi zishango, naiwala anthu a nkhafi. Komatu kum'mwera kuli Zambezi, kumadzulo kuli Luangwa, ndipo masiku akale mlendo wochokera mbali zimenezo, madzi atadzala, anayenera kuima pa dooko ndi kupempha mwini bwato, angakhale anali mfumu kapena Mzungu.

Bwato lisemedwa ku tsinde limodzi la mtengo waukulu, monga mbawa kapena mvunguti. Mmisiri augwetsa ndi nkhwangwa, nakumba m'kati mwake ndi kasemasema, nasamala kuti mbali ziwiri zilingane, popeza bwato lolemera mbali imodzi ligubuduza eni ake pakati pa ng'ona. Pamadzi akuya apalasa ndi nkhafi. Pamadzi osaya akankha ndi mtengo wautali.

Olimba mtima koposa anali Akombwe, alenje a mvuu, amene David Livingstone anawapeza pa Luangwa nalemba za iwo. Mabwato ao anali opepuka ndithu, utali wake mapazi 18 kapena 20, koma m'mimba mwake mainchesi 18 okha. M'bwato munakwera anthu awiri. Poyandikira mvuu yogona anatsetsereka ndi madzi mwakachetechete, wakumbuyo nawongolera, wakutsogolo naimirira ndi mkondo wa ngowe womangidwa ku chingwe chachitali. Atalasa, onse awiri anapalasa chambuyo msanga, pakuti mvuu yolasidwa iphwanya bwato ndi mano ake. Ntchito imeneyi ana anailandira kwa atate ao.

Pa Zambezi panali Achikunda. Poyamba iwo anali akapolo ndi asilikali a m'minda yaikulu ya Apwitikizi, ndipo ena mwa iwo anasanduka akatswiri opalasa. Kumtunda kwa Tete kunali mathithi a Kebrabasa amene bwato silikanatha kupyola, tsono akatundu ananyamulidwa pamutu kufikira madzi abata, ndipo kuyambira pamenepo opalasa anakwera nao ku Zumbo, kumene Luangwa athira m'Zambezi. Pokwera ananyamula nsalu ndi mikanda. Potsika ananyamula minyanga ya njobvu.

Kufupi ndi Zumbo komweko ndi kumene Angoni a Zwangendaba anaoloka Zambezi, Mpezeni ali mwana wamng'ono. Akulu anasimba kuti tsiku limenelo dzuwa linada masana. Mu 1930 Bwana E. H. Lane Poole, amene anagwira ntchito ya boma m'chigawo chino, analinganiza mau amenewa ndi mawerengedwe a kadamsana, napeza kuti anaoloka mwezi wa November 1835. Za kaolokedwe kake mbiri zisiyana. Ina iti Zwangendaba anamenya madzi ndi ndodo, madzi nagawikana. Ina iti anthu anagwirana manja poyenda m'madzi, popeza November ndi nyengo imene mtsinje uchepa. Koma ina iti eni dziko a m'mbali mwa mtsinje anaolotsa mfumu ndi akuluakulu m'mabwato ao. Dzina la mfumu likumbukika kufikira lero, ndipo zidzukulu zake zisonkhana ku Mtenguleni chaka ndi chaka pa mwambo wa Nc'wala, koma wopalasa palibe ndi mmodzi yemwe amene atchulidwa.

Patapita zaka 20, m'January 1856, Livingstone anafika pa mathiriro a Luangwa ndi Akololo oposa 100, pa ulendo wake wochokera kumadzulo kunka ku Quelimane. Anthu a mfumu Mburuma, amene anali atavutanapo ndi alendo ena, anamkayikira. Anachotsa akazi ndi ana, amuna nadza ndi zida, ndipo anambwereka bwato limodzi lokha, chinkana analipo ena awiri omangidwa pagombe. Ulendo wonse unatsamira pa bwato limenelo. Anayamba kuolotsa akatundu kunka pa chisumbu cha pakati, pambuyo pake ng'ombe ndi anthu. Nthawi yonseyo Livingstone anatsala kutsidya lino, akuonetsa eni mudzi wochi yake ndi galasi lotentha ndi dzuwa, kuti mitima yao ikhale pansi. Iye anakwera potsiriza, atawayamika ndi kuwafunira mtendere. Akadamkaniza bwato, mabuku a sukulu akadasimba zina.

Mphamvu ya eni dooko inayamba kuchepa ndi kudza kwa msewu. Mu 1932 anamanga ulalo woyamba pa Luangwa, pa msewu waukulu wa pakati pa Lusaka ndi Fort Jameson, ndilo dzina lakale la Chipata, ndi ndalama za Beit Trust. Ulalo wachiwiri unatsegulidwa mu 1968. Wa pa basi aoloka tsopano osadziwa n'komwe kuti pamenepo makolo anagona masiku akulindira madzi. Komabe m'midzi ya m'chigwa, kwa Akunda ndi Ansenga, bwato likali kuolotsa odwala, asodzi ndi ana a sukulu m'nyengo ya dzinja.

Mphunzitsi wofuna kuti phunziro ili likhazikike angathe kujambula mitsinje iwiriyi pabwalo la sukulu, nayika mwala pa Zumbo, nafunsa ana kuti khamu la anthu ndi ng'ombe likadaoloka bwanji. Amene aphunzitsa kufupi ndi Luangwa aitane nkhalamba yodziwa kusema bwato idzalankhule ndi ana, ndipo alembe m'buku la sukulu maina a madooko akale ndi a mabanja amene anawasunga, eni mbiriyo akali moyo.