Galasi lamitundu

Galasi lamitundu ndi luso lolumikiza tizidutswa ta galasi ta mitundu yosiyanasiyana kuti tipange chithunzi chimene chimawala dzuwa likamadutsamo. Lusoli linakula m'matchalitchi a ku Ulaya. Mazenera akale kwambiri amene adakali pamalo ake ali m'tchalitchi chachikulu cha Augsburg ku Germany, ndipo anapangidwa cha m'ma 1100. Mazenera ambiri a m'tchalitchi chachikulu cha Chartres, ku France, ndi a m'zaka za m'ma 1200.

Mtundu umalowa m'galasi akathira zitsulo mumchenga umene ukusungunuka m'ng'anjo: cobalt amapereka buluu, mkuwa umapereka mtundu wobiriwira kapena wofiira, golide amapereka wofiira. Mmisiri amadula tizidutswato motsatira chojambula, amapenta nkhope ndi makwinya a zovala, n'kutiotcha kuti utoto ugwire. Kenako amatimanga ndi timizere ta mtovu. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1800, kampani ya Louis Comfort Tiffany ku New York inatchukitsa njira yokulunga m'mbali mwa tizidutswa ndi mkuwa wopyapyala, makamaka popanga nyali.

Lero galasili limaikidwanso m'zitseko ndi m'mazenera a nyumba ndi mahotela. Maluso ofanana nalo ndi kulemba pagalasi ndi asidi, kuliwomba ndi mchenga kuti lisaonekere mkati, ndi kusungunulira pamodzi magalasi angapo.