Mota Imene Inasintha Fakitale

Anthu akamakamba mbiri ya mafakitale, dzina limene limatuluka msanga ndi la James Watt, ndipo ena amaonjezera la Henry Ford. Sindikukana kuti awiriwa anachita zazikulu. Koma ine ndimakhulupirira kuti fakitale ya masiku ano inabadwa pamene makina alionse anapatsidwa mota yakeyake ya magetsi, ndipo munthu woyenera kuombedwa m'manja kwambiri pa nkhaniyi ndi amene ambiri sanamvepo dzina lake.

Kwa zaka mazanamazana makina aakulu ankadalira madzi. Mu 1771 Richard Arkwright anamanga fakitale yopota thonje ku Cromford, m'dziko la England, ndipo gudumu lozungulira ndi madzi ndi limene linkayendetsa makina onse. Injini ya nthunzi imene Thomas Newcomen anapanga mu 1712 inali yopopera madzi m'migodi basi. Watt anaikonza kuti isamadye malasha ambiri, ndipo m'zaka za m'ma 1780 iye ndi Matthew Boulton anayamba kugulitsa injini zotha kuzunguza gudumu. Kuchokera apo fakitale inatha kumangidwa kulikonse kumene malasha angafike.

Komabe m'kati mwa fakitale zinthu sizinasinthe kwenikweni. Injini inali imodzi. Kuchoka pa injiniyo, chitsulo chachitali chozungulira chinkadutsa m'denga kuyambira kuno mpaka uko, ndipo malamba achikopa ankatsika kuchoka pa chitsulocho kupita pa makina alionse. Amene anaonapo chigayo cha dizilo, lamba akuthamanga pakati pa injini ndi chigayo, aganize malamba otere mazana m'nyumba imodzi. Makina ankaikidwa kumene chitsulo chadutsa, osati kumene ntchito ikufuna, n'chifukwa chake mafakitale ambiri anali osanjikizana, kuti zonse zikhale pafupi ndi injini. Mphamvu yambiri inkathera m'njira, pongozunguza zitsulo ndi malamba. Mafuta ankadonthera pa nsalu, malamba ankakola malaya ndi tsitsi la antchito, ndipo lamba wamkulu akaduka, fakitale yonse inkaima. Wofuna kuyendetsa makina amodzi usiku ankayenera kusonkha moto ndi kuzunguza zonse.

Magetsi sanathetse vutoli tsiku limodzi. Michael Faraday anaonetsa mu 1821 kuti magetsi angazunguze waya, ndipo mu 1882 Thomas Edison anatsegula malo opangira magetsi ku Pearl Street mu mzinda wa New York. Koma magetsi a Edison, a mtundu wa DC, sankapita patali, ndipo mota zake zinali ndi mabulashi amene ankathetheka ndi kutha msanga. Galileo Ferraris wa ku Turin ndi Nikola Tesla, aliyense payekha, anapeza kuti magetsi a AC angazunguze mota popanda mabulashi. Tesla analandira chilolezo cha umwini wa nzeruyi mu 1888, ndipo kampani ya Westinghouse inagula nzeruyo.

Apa m'pamene ndimasiyana ndi ambiri. Tesla anali waluntha, palibe wotsutsa, ndipo lero dzina lake lili pa galimoto. Koma mota imene ili m'chigayo cha magetsi pa msika wakwanu ndi mdzukulu wa mota ya Mikhail Dolivo-Dobrovolsky, injiniya wobadwira ku Russia amene ankagwira ntchito ku kampani ya AEG ku Berlin. Mu 1889 iye anapanga mota ya three phase imene chozungulira chake cha m'kati chinali ndi timizere ta chitsulo tolumikizidwa mbali zonse ziwiri, popanda waya wopita kumeneko, popanda bulashi. Mota yotere ilibe zambiri zoti zionongeke, imapirira fumbi, ndipo siivuta kupanga. Mu 1891 iye ndi anzake anatumiza magetsi a three phase kuchoka pa mtsinje ku Lauffen kukafika ku chionetsero ku Frankfurt, mtunda wa makilomita pafupifupi 175. Magetsiwo anayatsa mababu komanso anayendetsa mota yopopa madzi a mathithi ochita kupanga. Eni mafakitale anaona ndi maso awo kuti mphamvu ingapangidwe kutali, n'kubwera pa waya. Dolivo-Dobrovolsky anamwalira mu 1919, ndipo kunja kwa masukulu a zaumisiri dzina lake silimveka.

Chimene chimandidabwitsa koposa ndi kuchedwa kumene kunatsatira. Pofika 1899, mota za magetsi zinali zisanakwane ndi magawo 5 pa 100 alionse a mphamvu yoyendetsa makina m'mafakitale a ku America, ndipo zinatenga zaka zina pafupifupi 20 kuti zifike theka. Katswiri wa mbiri ya zachuma Paul David anafotokoza bwino chifukwa chake mu 1990. Eni mafakitale oyambirira ankangochotsa injini ya nthunzi n'kuikapo mota imodzi yaikulu, chitsulo cha m'denga ndi malamba zili momwemo. Phindu linali lochepa, ndipo ambiri anati magetsi n'kuononga ndalama. Kenaka anayamba kugawa makina m'magulu, gulu lililonse ndi mota yake. Pomaliza penipeni ndiye anafika poika mota pa makina alionse.

Zitatero, denga linapepuka chifukwa silinkanyamulanso zitsulo. Anayamba kumanga mafakitale apansi okhaokha, otambalala, olowa kuwala, okhala ndi makina onyamulira katundu m'mwamba. Chachikulu n'chakuti makina anayamba kundandalikidwa motsatira ntchito: chinthu chichoke apa, chipite apo, mpaka chithe. Ford amatamandidwa chifukwa cha mzere woyenda umene anayambitsa ku Highland Park mu 1913, umene unachepetsa nthawi yolumikiza galimoto ya Model T kuchoka pa maola 12 kufika pa ola limodzi ndi theka. Ulemu umenewo aulandire, koma fakitale imeneyo inali ndi nyumba yakeyake yopangira magetsi, ndipo popanda mota mzerewo sukanayenda. Zimene zabwera pambuyo pake, monga makina odula zitsulo molamulidwa ndi manambala amene anaonetsedwa ku yunivesite ya MIT mu 1952, kapena maloboti a lero okhala ndi mota m'mfundo iliyonse, zangopitiriza ganizo lomwelo.

Kuno ku Malawi mafakitale athu ambiri anakula nthawi ya nthunzi itadutsa kale. Malo opangira magetsi a Nkula A pa mtsinje wa Shire anatsegulidwa mu 1966, kenaka kunabwera Tedzani ndi Kapichira, ndipo mafakitale a ku Makata, Kanengo ndi Luwinga akhala akudalira mtsinje umodzi womwewo. Kuopsa kwake kunaoneka mu Januwale 2022 pamene namondwe Ana anaononga Kapichira, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka. Mafakitale a shuga ku Nchalo ndi Dwangwa amatentha zotsalira za nzimbe n'kupanga ena mwa magetsi awo, koma wa chigayo ndi woyenga mafuta a mpendadzuwa alibe mwayi wotere. Magetsi a dzuwa a ku Salima ndi Golomoti athandizako, koma njala ya magetsi sinathe.

Masiku ano magulu a alimi ndi amalonda ang'onoang'ono akugula makina atsopano ochokera ku China ndi India: opunthira mpunga, oyengera mafuta a soya ndi mtedza, oumbira mabuloko a simenti. Cholakwa chofala ndi chomwe chija cha eni mafakitale a m'ma 1890, kuganiza kuti makina paokha ndiwo chitukuko. Makina amafika, kenaka n'kupezeka kuti pamalopo palibe three phase, kapena thiransifoma ili kutali. Kwina phase imodzi imathawa, mota n'kupitiriza kukoka ndi ziwiri zotsalazo mpaka kupsa, chonsecho kachipangizo koizimitsa zikatero n'kotsika mtengo kwambiri poyerekeza ndi mota yatsopano. Amisiri odziwa kukulunganso mawaya a mota yopsa amapezeka makamaka m'mizinda, ndipo a TEVETA angachite bwino kuphunzitsa ambiri m'maboma.

Inu amene mukufuna kugula makina chaka chino, musanapereke ndalama funsani kaye mmisiri wa magetsi kuti mota yake ikufuna magetsi otani, itetezedwa ndi chiyani, ndipo ikapsa adzaikonza ndani.