Kubwezeretsa

Kubweza n'kupereka chinthu kwa mwiniwake, pomwe kubwezeretsa n'kuchiikanso pamalo pamene chinachoka. Mlimi wa fodya ku Kasungu amazidziwa: mbande ikauma pamzere, amapakiza ina m'phando lomwelo.

Kukhoti mawuwa amalemera. Kampani ya esiteti ikasiya kupereka malipoti ake a pachaka, mkulu wolembetsa makampani akhoza kuifufuta m'kaundula, ndipo pamaso pa lamulo imakhala ngati yafa. Lamulo la makampani la 2013 limalola Khoti Lalikulu kuibwezeretsa. Ine ndimaganizira kwambiri mlonda kapena wosoka fodya amene sanalandire malipiro ake ku kampani yotere. Zigafa zili chiimire, mabelo anagulitsidwa kumsika wa fodya wa Chinkhoma, koma wantchitoyo sangasumire kampani yomwe kulibe mpaka dzina lake litabwezeretsedwa m'kaundula.