Kuzengereza

Kuzengereza ndi kuchedwetsa dala chinthu chimene nthawi yake yakwana. Kumasiyana ndi kusamala. Wosamala amayamba waona pamene pali ngozi, kenako n'kuchita. Wozengereza amangodikira, ngakhale ngoziyo itachepa. Mlimi wa kumapiri a Dowa kapena Ntchisi akakana kubzala pa mvula ya chizimalupsa, wasamala. Koma mvula yeniyeni ikagwa, nthaka n'kunyowa, iye mbewu zikadali m'thumba, wazengereza. N'chifukwa chake akulu amati zengerezu adalinda kwawukwawu.

Mawuwa amathandiza poweruza mtsogoleri wa timu ya kiriketi m'masewera a tsiku limodzi, momwe mipira yoponya imakhala yowerengeka. Mu 1979, pa ndime yomaliza ya chikho cha dziko lonse ku Lord's mumzinda wa London, West Indies idapeza mapointi 286 posewera ndi England. Mtsogoleri wa England, Mike Brearley, adayamba kumenya ndi Geoff Boycott. Awiriwa adasonkhanitsa mapointi 129 osatulutsidwa, koma adadya maova (zigawo za mipira yoponya) 38 mwa 60. Otsatira awo adakakamizika kumenya mwaliwiro pamaso pa woponya wa West Indies, Joel Garner, yemwe adatulutsa asanu, ndipo England idathera pa 194.

Poyambirira Brearley adasamaladi, pakuti oponya a West Indies anali oopsa. Kusamalako kudasanduka kuzengereza pamene mipira yotsala idachepa koma iye osasintha kamenyedwe. Choncho poweruza mtsogoleri tisamangowerenga mapointi ake, tizifunsanso katundu amene wasiyira anzake.