Anthu a ku Seychelles Akonza Malamulo Awo

Kutali ndi gombe lathu, pakati pa nyanja yamcere, pali zisumbu za Seychelles. Kuyambira 1979 kumeneko kunali cipani cimodzi cokha.

M'caka ca 1992 anthu anasankha nthumwi 22 zoti zikonze malamulo aakulu a dziko. Cipani ca René cinapeza nthumwi 14, ca Mancham 8. Atakangana, nthumwi za Mancham zinatuluka. Otsalawo analemba okha. Pa voti, ovomera anali pafupifupi 54 mwa anthu 100 alionse, koma pankafunika 60. Malamulowo anagwa.

Nthumwi za mbali zonse ziwiri zinakhalanso pamodzi. Mu 1993 ovomera anafika pafupifupi 74 mwa 100.

Ife tikuphunzirapo ciani? Lamulo lotimanga tonse tizilikambirana tonse. Mutu umodzi susenza denga.